Kodi msewu wa Khwekhwerere ndi wonga njoka, kapena ndi wokhotakhota?

Womasulira (Zomba):
Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masiku awiri. Ndikumasulira kabuku ka alendo odzaona malo, ndipo wolemba wake, pofotokoza msewu wa Khwekhwerere, wotsika kuchokera pa Masasa kupita ku Golomoti, wagwiritsa ntchito liwu la Chingerezi lakuti serpentine, kutanthauza kuti msewuwo ukufanana ndi njoka. Poyamba ndinalemba kuti "msewu wonga njoka", koma nditawawerengera amayi anga mokweza, iwo anandifunsa ngati msewuwo umaluma. Ndinafufuta n'kulemba kuti "msewu wokhotakhota", ndipo anavomereza, komabe mtima wanga sunakhazikike chifukwa njoka ya wolembayo yasowamo. Kodi Chichewa chili ndi liwu la maonekedwe amenewa lochokera ku njoka yeniyeniyo? Nanga mawu amene tili nawowa, monga kukhota, kupinda, kupota ndi kuzinga, amasiyana pati?

Aphunzitsi opuma (Dedza):
Mwana wanga, amayi anuwo akuyankhani kale, ine ndingowonjezera pang'ono. Mchewa akamva liwu lakuti njoka, chimene chimayamba kubwera m'mutu mwake ndi ululu, kenako chinyengo. Tikati "uja ndi njoka" sitikunena kuti msana wake ndi wopindika, tikunena kuti amaseka nawe masana n'kukuluma usiku. N'chifukwa chake msewu wonga njoka ukumveka ngati msewu woopsa.

Za mawu anayi aja, kusiyana kwake kumaoneka bwino mukayang'ana manja a munthu ali pa ntchito. Kupinda kumafuna wopinda, ndipo kumasiya mzere pamene chinthucho chagonjera: timapinda chitenje, timapinda bondo, timapinda mkono wa malaya. Kupota ndi kuzunguza chinthu motsatira utali wake, monga mmene agogo athu ankachitira ndi khonje pantchafu, kulipsinja ndi chikhatho mpaka tizingwe tiwiri titalukana n'kukhala chingwe chimodzi. Kuzinga kumafuna chinthu china chokhala pakati, mtengo kapena mudzi, ndipo wozingidwayo amasowa potulukira, n'chifukwa chake munthu wothedwa nzeru timati wazingwa. Kukhota kokha ndiko sikufuna manja a munthu. Ndodo imakhota yokha, mwendo umakhota, mtsinje umakhota. Tsono tikalibwereza tsindelo n'kunena kuti kukhotakhota, tikutanthauza kuti chinthucho chakhotera uku, chakhoteranso uko, kambirimbiri. Msewu wa kwathu kunowu umachita zomwezo, ndipo dzina lake lakuti Khwekhwerere limandikumbutsa kukhwekhwereza, kukoka chinthu pansi, poti wotsika phiri limenelo satsika mothamanga.

Namwino (Leeds):
Aphunzitsi, zikomo kwambiri, mwandikumbutsa kalasi ya Chichewa. Ine ndithandizeko mbali ya liwu lachilendolo. Serpentine linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, ndipo gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti serpens, njoka. Koma serpens yemweyo akuchokera ku mneni wakuti serpere, amene amatanthauza kukwawa. Aroma, potchula njoka ndi liwu limeneli, ankangoti "chokwawa". Liwu lina la Chingerezi lakuti snake nalonso muzu wake ndi wa kukwawa. Choncho ngakhale kwa eni akewo, dzina la njoka silinayambe ndi kukhotakhota, tanthauzo limenelo linadza pambuyo anthu atayang'ana mmene chokwawacho chimayendera.

Agiriki anali ndi mneni wachibale wakuti herpein, kukwawanso, ndipo ife a m'chipatala timakumana naye tsiku ndi tsiku m'dzina la matenda a herpes, amene zilonda zake zimayenda pakhungu ngati zikukwawa. Mashingozi amene timawadziwa kwathu ali m'banja lomweli, koma dzina lawo linachokera ku liwu lina la Chilatini, cingulum, lamba, chifukwa zilondazo zimamanga mbali imodzi ya thupi ngati lamba. Mnzanga wina anandiuza kuti liwuli liyenera kukhala pachibale ndi kuzinga kwathu, koma kumeneko ndi kufanana kwa kamvekedwe chabe.

Ndiwonjezere kuti ku London, m'paki ya Hyde Park, muli nyanja yokumba yotchedwa Serpentine, imene inakonzedwa mu 1730 pa chifuniro cha Mfumukazi Caroline. Nditapita kukaiona ndinayembekezera madzi okhotakhota ngati Shire wa kumunsi, koma ndinapeza nyanja yaitali yongokhota kamodzi. Kwathu bwenzi titangoti dziwe lokhota, basi.

Mlimi (Nsanje):
Pepani akuluakulu, ine sindinapite patali ndi sukulu, koma njoka ndimakumana nazo kumunda chaka ndi chaka, ndipo ndikufuna kunena kuti si njoka zonse zimene zimayenda mokhotakhota. Mukalawirira m'mawa panjira ya mchenga musanapondepo munthu, mumaona mikwasa ya mitundu iwiri. Wina umakhala wokhotakhota, ndipo pamakona ake mchenga umakhala utakankhidwira kunja, kusonyeza pamene njokayo inatsamira pokankha thupi lake. Umenewo ndi wa njoka zowonda, zothamanga. Wina umakhala wowongoka, wotambalala ngati munthu wakoka thumba lamchenga, nthawi zina ndi kamzere kakang'ono pakati kolembedwa ndi nsonga ya mchira. Umenewo ndi wa mphiri, ndipo ukauona uyambe kuyang'ana pamene ukuponda, chifukwa mwini wake sathawa munthu. Nsato yaikulu nayo ikakhala yosafulumira imayenda mowongoka chomwecho. Ndiye mukalemba kuti msewu wonga njoka, mlimi ngati ine ndifunsa kuti njoka yake iti.

Womasulira (Zomba):
Bambo a ku Nsanje, funso lanu lapha chiganizo changa choyamba chija kotheratu. Ndikuthokozani.

Amayi a ku Mfuwe (Zambia):
Moni nonse. Kuno kwathu chinthu chokhotakhota koposa zonse ndi mtsinje wa Luangwa, ndipo ine ndikuona kuti mtsinje ndiwo mphunzitsi wabwino wa maonekedwe amenewa kuposa njoka. Pamene mtsinje wakhota, madzi a mbali ya kunja amathamanga n'kumadya gombe, mitengo n'kumagwera m'madzi, pamene mbali ya mkati madzi amayenda mwaulesi n'kumatula mchenga. Chaka chilichonse kukhotako kumakulirakulira, mpaka makona awiri amayandikana kungotsala kamtunda kopyapyala ngati khosi. Madzi osefukira akabwera amadula khosi lija, mtsinje n'kuwongola njira yake, ndipo njira yakale imatsala yokha ngati thamanda lopindika ngati uta, mokhala mvuu ndi ng'ona. Matamanda amenewa ndi ambiri m'nkhalango ya South Luangwa. Onani kuti ndanena kuti ngati uta, sindinanene kuti ngati njoka. Ngakhale chinthu chachikulu chokhota cha kumwamba chija makolo athu anachitcha utawaleza, uta wa Leza.

Namwino (Leeds):
Amayi a ku Mfuwe, Agiriki akale akanagwirizana nanu. Liwu limene Azungu amatchulira kukhotakhota kwa mtsinje, meander, ndi dzina la mtsinje weniweni, Maiandros, umene uli m'dziko la Turkey ndipo lero umatchedwa Büyük Menderes. Umathira m'nyanja ya Aegean pafupi ndi mabwinja a mzinda wa Miletus, womwe uja umatchulidwa m'buku la Machitidwe. Unkakhotakhota kwambiri moti dzina lake linasanduka liwu la mtsinje uliwonse wotero, kenako la munthu woyenda mosalunjika, kenakonso la wolankhula mozungulira. Zili ngati ife titayamba kunena kuti "nkhani yake ikuluangwa".

Mphunzitsi wa jogalafe (Karonga):
Nkhani ya mitsinjeyi kuno ndi yoposa mawu. Mtsinje wa Songwe ndiwo malire a Malawi ndi Tanzania, ndipo kumunsi kwake, pamene ukuyandikira nyanja, umakhotakhota n'kumasintha njira monga mmene amayi a ku Mfuwe afotokozera. Ukadula khosi limodzi, munda umene unali tsidya lino umapezeka tsidya linalo. Maboma awiriwa anachita kukhazikitsa ndondomeko yogwirira ntchito limodzi pa chigwa cha mtsinjewu, ndipo kusakhazikika kwa njira yake ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Ana anga a sukulu ndikawaphunzitsa zimenezi liwu lakuti kukhotakhota limakwanira, ndipo palibe amene anafunsapo za njoka. Msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, wa makona akuthwa pafupifupi 20, nawonso timaufotokoza ndi liwu lomweli.

Wa ku Linga (Nkhotakota):
Popeza liwu lakuti kukhota latchulidwa kambiri, mundilole ndilankhulepo ngati mwini dera. Kufotokoza kofala kwa dzina la boma lathu n'kwakuti likuchokera ku kukhotakhota komweku. Azungu a nthawi ya atsamunda ankalemba kuti Kota Kota, ndipo mudzalipeza choncho m'mapu ndi m'mabuku akale onena za a Jumbe ndi za ulendo wa David Livingstone wa 1863. Chimene chinawasowa ndi mpweya uja umene timautulutsa potchula kh, umene pa Chichewa umasiyanitsa mawu: kukola ndi khola si chinthu chimodzi, ngakhalenso kupala ndi phala. Kalembedwe ka lero kanabwezeretsa h m'chigawo choyamba cha dzinalo koma m'chachiwiri mulibe, moti timalemba Nkhotakota pamene mneni wake tikamubwereza timalemba kukhotakhota.

Aphunzitsi opuma (Dedza):
Zoonadi bambo, ndipo kubwereza tsinde kumeneku ndi chuma chimene womasulira wathu asachipeputse. Chingerezi chimafuna liwu latsopano pa tanthauzo lililonse, pamene ife timangobwereza: kupindapinda, kupotapota, kuzungulirazungulira. Liwulo limachita lokha chimene likunena, pakamwa pamapita n'kubwerera ngati msewu womwewo. Azungu nawo anachita zofanana m'liwu lawo lakuti zigzag, koma kwa iwo ndi mwa apo ndi apo, pamene kwa ife ndi lamulo la chilankhulo.

Mwana wa Amalawi (Harare):
Ndikupempha kulowererapo ndi mbali ina ya liwu lija la serpentine, imene ikutikhudza ife obadwira kuno. Ku Zimbabwe liwuli ndi dzina la mwala, umene osema ziboliboli amaukumba m'mapiri a Great Dyke. Mwalawu sunatchedwe choncho chifukwa chokhota ayi, koma chifukwa cha mawanga ake obiriwira ofanana ndi khungu la njoka. Wosema akamaliza amautenthetsa pamoto n'kuupaka phula, ndipo ukazizira n'kupukutidwa umanyezimira ngati njoka imene yangofundula kumene. Ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, mlimi wa fodya Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema mu 1966, ndipo ambiri mwa osema oyamba anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Fanizani Akuda, wobadwira ku Zambia, anali mmodzi wa iwo. Ndiye womasulira achenjere, liwu limodzi lomwelo pena likunena za kayendedwe ka njoka, pena za khungu lake.

Achimwene a ku Joni (Johannesburg):
Ine chandigwira mtima ndi chakuti ife timachita zosemphana ndi Azungu. Iwo amatenga njoka kuti afotokozere zinthu za pakhomo, pamene ife timatenga zinthu za pakhomo kuti tifotokozere njoka. Mukaipeza itadzikulunga pansi pa nkhokwe mumati yapanga nkhata, ndipo nkhata ndi kansalu kapena masamba ouma a nthochi amene amayi amapota n'kuwazunguza kuti asenzere mtsuko. Liwu lomwelo talipereka ku maluwa oika pamanda. Azulu kuno ali nalo, amati inkatha, ndipo mafumu awo anali ndi nkhata yaikulu yopatulika ya udzu, chizindikiro cha umodzi wa mtundu wawo, imene inatenthedwa ndi asilikali a Britain pa nkhondo ya 1879. Chipani cha Inkatha chimene Mangosuthu Buthelezi anayambitsa mu 1975 chinatenga dzina lake pamenepo.

Palinso njokaluzi, chinthu choopseza koma chosaluma, pamene luzi la kumanga nalo denga lakhala muyeso wa njoka. Ndipo bongololo wathu uja, amene mwambi umati sadzolera mafuta pagulu, kuno amamutcha shongololo, dzina limene limagwirizanitsidwa ndi mneni wa Chizulu wakuti ukusonga, kukulunga, chifukwa ukamukhudza amadzikulunga ngati kankhata. Ndikhulupirira kuti achimwene a ku Harare atsimikiza kuti Ashona amati zongororo.

Mwana wa Amalawi (Harare):
Ndi choncho ndithu achimwene, zongororo.

Bambo a ku Ulongwe (Angónia):
Kuno ku Mozambique tinaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, ndipo kumeneko njoka iliyonse ndi cobra, kuchokera ku liwu la Chilatini lakuti colubra. Apwitikizi atafika ku India anaona njoka yotambasula khosi n'kuitcha cobra de capelo, njoka ya chipewa, ndipo Angerezi anatola liwu loyamba lokhalo n'kulisandutsa dzina la mtundu umodzi. Angerezi omwewo anatolanso liwu lakuti mamba, limene analitenga ku Chizulu. Liwu lakuti serpentina nalo lilipo m'Chipwitikizi, ndipo limatchula paipi yozungulirazungulira imene nthunzi ya mowa imaziziriramo potcheza. Amayi a kwathu otcheza kachasu, dzina limene likuchokera ku cachaça ya Apwitikizi, paipi yawo ndi yowongoka yodutsa m'kamwadiya ka madzi ozizira, choncho dzina la njokalo silinawafikire.

Abusa (Nkhoma):
Abale ndi alongo, pali mbali ya mawuwa imene sitinaikhudze mokwanira, ndiyo ya makhalidwe. Pa Chichewa chinthu chowongoka ndi chabwino, chokhota ndi chokayikitsa. Timanena za kukhotetsa mlandu, kupotoza mawu a munthu, maganizo opotoka, ndipo pa kulera ana timati kuwongola mtengo ndi pamene uli waung'ono. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anapeza mawuwa ali okonzeka. Pa Afilipi 2:15 analemba za mbadwo wokhotakhota ndi wopotoka, ndipo mawu awiri a Chigiriki amene ali pamenepo amatanthauzadi chokhota ndi chopotoka. Loyambalo ndi skolios, ndipo mwina amayi anamwino alizindikira.

Namwino (Leeds):
Ndalizindikira Abusa, ndi scoliosis, kukhota kwa msana chammbali. Sindinaganizepo kuti liwu limene ndimalemba m'mafayilo a odwala ndi lomwe limawerengedwa paguwa.

Wophunzira (Chancellor, Zomba):
Akuluakulu, mundikhululukire, koma ine sindikugwirizana ndi kumene zokambiranazi zikulowera. Zikumveka ngati tagamula kuti Mchewa saona njoka m'maonekedwe a zinthu, pamene zitsanzo zotsutsa zilipo. Nyongolotsi za m'matumbo timazitcha njoka za m'mimba, ndipo zimenezo tinazitcha choncho chifukwa cha maonekedwe, poti siziluma ngati mphiri. Napolo naye ndi njoka yaikulu ya pansi pa phiri imene imati ikamasamuka kupita kunyanja imagumula miyala ndi kukokolola midzi. Anthu a kuno amakumbukabe za Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991, ndipo akaona chipsera cha matope paphiri amati Napolo anadutsa apa. Thunga, njoka yopatulika ya pa kachisi wa mvula ku Msinja, ndi nsato ya pa kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndi umboni wakuti njoka ili pakati penipeni pa maganizo a makolo athu. Ngati chilankhulo chimakula, chotiletsa n'chiyani kupanga liwu lathu lochokera ku njoka?

Aphunzitsi opuma (Dedza):
Mwafunsa bwino mwana wanga, ndipo pa njoka za m'mimba ndagonja, mwandipeza. Liwu lakuti njoka ndi lakale kwambiri, lili m'zilankhulo zambiri za Chibantu: Atumbuka amati njoka, Ayao lijoka, Ashona ndi Aswahili nyoka, Azulu inyoka, Abemba insoka, Atswana noga. Akatswiri oyerekeza zilankhulozi, monga Malcolm Guthrie, anaonetsa kuti onsewa akuchokera ku muzu umodzi, ndipo m'zilankhulo zingapo liwulo limatchulanso nyongolotsi za m'mimba monga kwathu. Koma taonani chimene chafananitsidwa pamenepo: ndi thupi lalitali, lowonda, lopanda miyendo. Si kukhotakhota. Pa Napolo ndiye sindikuvomerezani, chifukwa chipsera chake chimatsika phiri molunjika, ndipo chimene anthu amakumbukira ndi mphamvu yake yowononga. Thunga ndi Mbona ndi nkhani ya mvula ndi mizimu. Zitsanzo zanu zonse zikuonetsa kuti njoka ndi yolemera kwambiri m'maganizo athu, ndipo n'chifukwa chake siingabwerekedwe mwachisawawa kukafotokoza makona a msewu. Za kupanga liwu latsopano, palibe amene angakuletseni, koma liwu limakhala ndi moyo pamene kondakitala wa minibasi walitola, osati pamene ife talivomereza pagulu lino.

Wophunzira (Chancellor, Zomba):
Ndamva Aphunzitsi, komabe kufanizira sikuletsedwa. Ndinamvapo anthu akunena kuti mzere wa pachigayo watalika ngati njoka, ndipo palibe amene anafunsa ngati mzerewo umaluma.

Amayi a ku Mfuwe (Zambia):
Pamenepo mwanayu wanena zoona Aphunzitsi. Kusiyana kwake ndikuona kuti n'kwakuti iye wayamba watchula mneni, watalika, kenako n'kubweretsa njoka. Womva akudziwa kale mbali ya njoka imene akuyenera kuiganizira. Womasulira wathu anaisiya njokayo yokha popanda mneni, ndiye amayi ake anasankha mano.

Aphunzitsi opuma (Dedza):
Amayi, mwaimasula mfundo imene ine ndimangoizungulira. Ndikuvomereza.

Womasulira (Zomba):
Ndathokoza nonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Leeds. Chiganizo chija tsopano chikuti: "Kuchokera pa Masasa msewu umatsika phiri mokhotakhota ngati njoka yowoloka mchenga, mpaka kukafika ku Golomoti." Ndawawerengeranso amayi anga madzulo ano ndipo sanafunse za kuluma, angoti kumeneko n'kumene anasanza m'basi ulendo wopita ku Monkey Bay. Bambo a ku Nsanje, ndikudziwa kuti mufunsa kuti njoka yake iti, ndiye ndikuyankhiranitu kuti si mphiri. Tsamba lotsatira la kabukuka likufotokoza chigoba cha nkhono za m'nyanja ndi liwu lakuti spiral, ndipo pakadali pano ndalemba kuti chozungulirazungulira cholowera mkati, koma likundilemera pakamwa.

Achimwene a ku Joni (Johannesburg):
Yesani kunena kuti chopotana ngati nkhata yosongoka pamwamba, kenako mukawawerengerenso amayi.